Lamba wa kathalakitala ka amalume

Linali Lachiwiri, mu Januwale 2025, mvula itagwa usiku wonse. Ndinali pakhonde kuwerengera mipando ya ukwati wa Loweruka pamene ndinamva kuti kaliridwe ka makina otchetchera kapinga kasintha. Injini inkalira ndithu, mwinanso mokweza kuposa kale, koma phokosolo silinkayenda. Paja makinawa akamagwira ntchito phokoso limatsikira kunyanja n'kubwerera, kutsika n'kubwerera, mpaka munthu umaiwala kuti lilipo. Tsiku limenelo linangoima malo amodzi, pafupi ndi mgwalangwa. Nditasuzumira ndinaona madala amene amatitchetchera kapinga ali pampando, akupondaponda, makina ali chiimire ngati bulu wokana ngolo. Kenako kamphepo kanandibweretsera fungo la labala wopserera.

"Aphunzitsi, kakana," anatero madala nditafika. "Mipeni ikuzungulira bwinobwino, koma miyendo ndiye yafa."

Malo ano ndi a amalume anga, m'mbali mwa nyanja, mukadutsa pa Namiasi polowera ku Monkey Bay. Eni ake ali ku Joni monga alili amuna ambiri a kuno ku Mangochi, ndipo ine nditatula pansi choko anandiika kuti ndiziwayang'anira. Zipinda tili nazo zochepa. Chimene chimatidyetsa ndi kapinga, chifukwa anthu amabwereka bwalo kuti achitirepo zinkhoswe ndi madyerero a ukwati, ajambulitse nyanja ili kumbuyo. Kapinga ameneyu tinachita kumunyengerera kuti amere pamchenga: kututa dothi lakuda, kuthira manyowa, kuthirira chilimwe chonse. Koma ikangogwa mvula ya Disembala amakula ngati wolodzedwa. Walira mvula walira matope.

Makinawo amalume anabwera nawo pa trela kuchokera ku Johannesburg, ogula kwa munthu amene anali atawagwiritsa kale ntchito zaka zambiri. Ana a m'mudzi anawatcha kathalakitala, dzina n'kukhazikika. Kali ndi injini ya petulo ya Briggs & Stratton, ya silinda imodzi, yomwe sinativutitsepo. Madala, amene moyo wawo wonse akhala akutchetcha ndi chikwakwa, poyamba ankakanyoza kuti ndi ka alesi. Lero yesani kukhala pampandopo iwo akuona, mudzamva mawu.

Zoti tibwerere ku zikwakwa ndinaziganizira. Anyamata atatu angathe kumaliza bwalo lonse masiku awiri, koma chikwakwa chimasiya mabala, pena kumeta mpala pena kusiya tsumba, ndipo akumkazi anali atabwera kale kudzaona malo kapinga ali see ngati mkeka. Ndinasankha zolowa pansi pa makina.

Amene simunayang'anepo kunsi kwa makina oterewa, muli malamba awiri. Injini inakhala choimirira, shafuti yake kuloza pansi, ndipo kumapeto kwa shafutiyo kuli mapule awiri osanjikizana. Pule yam'munsi imatembenuza lamba wa mipeni. Yam'mwamba imatembenuza lamba wina wautali amene amayenda m'mimba mwa makina mpaka kukafika pa giyabokosi ya kumbuyo, ndipo ameneyu ndiye amayendetsa matayala. N'chifukwa chake mipeni inkazungulira koma makina osasuntha. Pakati pa njira lambayu amadutsa pa timapule tiwiri tongomukunga, tomangidwa pa kamkono kokhala ndi sipuling'i. Mukaponda buleki kamkonoko kamabwerera, lamba amakhwepa, makina amaima. Mukachotsa phazi, sipuling'i imakoka, lamba amakungika, ulendo umayamba. Kilatchi yake ndi imeneyo basi, lamba kukhwepa ndi kukungika.

Ndinaimbira amalume pa WhatsApp. Asanandilole kukhudza sipanala anandiuza kuti ndione zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachitsulo ka kumbuyo kamene mumakoka mukafuna kukankha makina ndi manja. Kakakhala kokoka, injini ilire bwanji makina sayenda, ndipo ana amakonda kukaseweretsa. Chachiwiri ndi kiyi wa pa ekiselo, kachitsulo kakang'ono ka ngodya zinayi kamene kamagwirizanitsa tayala ndi ekiselo. Mwezi wathawo tinali titachotsa tayala lakumbuyo kukamatitsa litalasidwa ndi minga, ndipo kiyi ameneyu amakonda kugwera mumchenga munthu osazindikira, ekiselo n'kumangozungulira m'kati mwa tayala. Zonse ziwiri zinali m'malo mwake. Nditagwada n'kuyang'ana kunsi ndinaona lamba akulendewera ngati njoka yophedwa, atadukiratu.

"Mphwanga, usakagoneke chammbali kameneko," anatero amalume. "Oyilo alowa mu kabureta ndi mu fyuluta, udzalira kawiri."

Dzenje la kugalaja tilibe. Tinakoka kachitsulo ka kumbuyo kaja, n'kukankhira makina pa matabwa awiri okhuthala amene tinayala pamwamba pa ngalande ya simenti ya kuseri kwa khitchini, matayala n'kuwatchinga ndi njerwa. Ndinazula kiyi wolizira, ndinazulanso waya wa pa pulagi n'kumukhotetsera kutali, chifukwa dzanja likakhala pa pule ya injini sufuna zodzidzimutsidwa. Deki, chibeseni chimene chimanyamula mipeni chija, tinachitsitsa mpaka pansi, kuchotsa lamba wake pa pule yam'munsi, kuzula timapini tinayi kapena tisanu, n'kuchikokera pambali. Timapinito ndinatiika m'mbale ya ndiwo. Mchenga wa ku Mangochi ukameza kanthu subweza.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti masipanala anga ambiri ndi achabe. Kuno tinazolowera magalimoto a ku Japan, zonse za mamilimita, pamene makinawa ndi a mabawuti a mainchesi. Sipanala ya 13 imalowa pa bawuti ya theka la inchesi koma ikugwedera, chifukwa bawutiyo ndi mamilimita 12.7, ndipo mukaikakamiza mumaphwanya ngodya. Ya 14 pa bawuti ya 9/16 imangokanira pakhomo, ya 15 imaseweramo. Ya 16 ndiye imagwira bwino pa 5/8. Ndinakabwereka kabokosi ka masipanala a mainchesi kwa mkulu wina wokonza mainjini a maboti, amene anandiwerengera imodziimodzi asanandipatse ngati akundibwereka ana ake.

Lachitatu m'mawa ndinakulunga lamba wodukayo m'jumbo, kukwera minibasi ya ku Boma. Ndisananyamuke ndinali nditamuyala pakhonde, kulumikiza kodukako, kuzunguliza chingwe kunja kwake n'kuyeza chingwecho ndi tepi: mainchesi 95, kapena kuti masentimita 241. M'lifupi, mamilimita 13. Nambala yolembedwa pamsana inali itafufutika kalekale.

Ndinatsikira pafupi ndi chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, chapafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba kuyenda sitolo ndi sitolo. Tawuni imeneyi inayamba mu 1891 ili Fort Johnston, yaona masitima a nthunzi ndi mizinga, koma mukanena kuti mukufuna lamba wa makina otchetchera kapinga okhala ndi mpando, anyamata a m'mahadiweya amakuyang'anani ngati mwapempha mkaka wa nkhuku. Malamba ali mbwee pakhoma, koma ndi a zigayo, a mapampu, a makompuresa ndi mafanibeluti a galimoto. Sitolo yachitatu mnyamata anandifunsa muyezo. Ndinati 95, m'lifupi 13. Anakwera pampando n'kutsitsa wolembedwa A95. Nambala zikugwirizana, ndifunsenso chiyani? Ndinalipira osamufananitsa n'komwe ndi wakale uja, amene anali m'jumbo m'manja mwanga momwemo. Mphunzitsi wa masamu ameneyo.

Lamba woduka amatuluka yekha. Wamphumphu ndiye amakuonetsa kuti m'njira muli zotchinga zingati. Pozungulira pule ya injini pali tizitsulo totchingira kuti lamba akakhwepa asagwe, ndipo ena mwa mabawuti ake umayenera kumasula kuti apeze polowera. Pa timapule tokunga tija palinso tina. Pa kathalakitala kathu shafuti ya chiwongolero imatsikira m'kati mwenimweni mwa mzere wa lamba, ndiye umayenera kuimasula kunsi n'kuikweza pang'ono kuti lamba adutse. Kumbuyo, pamwamba pa pule ya giyabokosi, pali kafani ka pulasitiki koziziritsa oyilo, ndipo lamba umamulowetsa phiko limodzilimodzi, mwaulemu, chifukwa ukathyola phiko ku Mangochi kuno sulipeza. Chithunzi chosonyeza njira ya lamba chinalipo pansi pa chopondapo phazi, koma dzuwa linachidya kale. Wakale akanakhala asanaduke ndikanajambula pa foni ndisanamuchotse. Tinadalira lamulo limodzi limene amalume anandiuza: mimba ya lamba, mbali yosongokayo, imalowa mu pule ya ngalande, ndipo msana umatsamira pa pule yosalala.

Tinamaliza dzuwa litapendeka, nsana wanga uli matope okhaokha. Madala anakwera. Pamalo athyathyathya kanayenda ngati nkhono, pofika pa kachitunda kochokera kunyanja kanaima, lamba akungolira fwiii.

Madzulo ndinatenga malamba onse awiri kupita nawo kwa bambo wa pachigayo cha kumsewu. Munthu ameneyu wakhala ndi malamba zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi choko. Anawakoleka onse pa chala chimodzi n'kuwakoka ndi phazi. Watsopano anaposa wakale moonekeratu.

"Aphunzitsi, munayeza msana koma mwagula mimba," anatero akuseka.

Anandifotokozera zimene mnyamata wa m'sitolo mwina sankazidziwa. Pa malamba a chilembo A, nambala imanena kutalika kwa m'kati, ndipo kunja kumaposa ndi mainchesi awiri. A95 kunja ndi 97. Pa a chilembo B, a mamilimita 17 amene iye amagwiritsa ntchito pachigayo, kusiyana kwake ndi mainchesi atatu. Wofunika ine anali A93. Pambuyo pake ndinadzadziwanso kuti malamba ena a m'lifupi womwewo amalembedwa mwina, monga 4L950, ndipo pamenepo nambala ikunena za kunja, mainchesi 95.0. Ndiye kuti A93 ndi 4L950 ndi msinkhu umodzi. Mainchesi awiri pa lamba wa mamita pafupifupi awiri ndi theka amaoneka ngati nkhani yachabe, koma kamkono kokunga kaja kamayenda pang'ono kwambiri, sikangameze zonsezo. Safunsa anadya phula.

Lachinayi ndinabwereranso ku Boma. A95 anakana kumulandira poti anali atada ndi girizi, ndipo sindinawatsutse. A93 ndinamupeza sitolo ina. Ulendo uno tinamanga mofulumirako, ndipo madala atachotsa phazi pa buleki kathalakitala kanadumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Ndinatumizira amalume uthenga woti zatheka. Ndinasamba, ndinakhala pansi kudya nsima ya utaka. Ndisanasambe m'manja fungo lija linabweranso.

Lamba wa tsiku lomwelo, msana wonse utapserera, ulusi uli pamtunda. Ndinapsa mtima. Ndinanyoza amasitolo, ndinanyoza katundu wachinyengo amene wadzaza m'dziko muno, ndinanyoza ndi amalume omwe mumtima chifukwa chotibweretsera chinthu chopanda abale ake kuno. Petulo amene tinawononga poyesa anali wopezeka movutikira, paja miyezi imeneyo anthu ankagona pamizere kumalo omwetsera mafuta.

Bambo wa pachigayo anabwera yekha panjinga atatseka, ufa udakali m'nsidze. Lamba watsopano wopsererayo anangomuyang'ana kamodzi. Anapempha woyamba uja, woduka, n'kukhala naye pa njerwa akumupapasa ngati sing'anga. M'mbali mwake, mmene amagwira mapule a ngalande, munali mwabwinobwino. Msana ndiwo unali wonyezimira ngati galasi, wouma, wong'aluka timing'alu topingasa.

"Lamba sanama," anatero. "Akatha m'mbali, ndi ukalamba kapena pule yopindika. Akadyeka mbali imodzi, mapule sanayang'anane. Koma uyu wapsa kumsana. Kumsana amagona pa chiyani?"

Analowa mungalande ndi malaya ake oyera ufawo, n'kuyamba kuzunguza mapule ndi chala imodziimodzi. Ya ngalande ija inazungulira mwakachetechete. Atafika pa yosalala, zii. Anaikakamiza ndi dzanja lonse, inangoti kwee, ngati mukupera mchenga pamphero. Bering'i yake inali itagwira. Lamba ankangokhuzika pa chitsulo chosayenda injini ikuthamanga mwamphamvu, ndipo palibe labala amene angapirire zimenezo. Pule imeneyo ndinali nditaigwira ndi manja angawa masiku awiri otsatizana, kumasula bawuti ya pambali pake, kulowetsa lamba, kumanganso. Kuizunguza kokha ndiye sindinaganizeko. Mutu wanga wonse unali pa chimene chinaduka.

Anafunsa ngati makinawa analowapo m'madzi, ndipo ine ndi madala tinangoyang'anana. Chaka cha 2024 nyanja inakwera mmene ambiri a ife sitinaonerepo. Malo ogona alendo ambiri a m'mbali muno analowedwa madzi, ena mpaka kutseka, ndipo ife madzi anameza theka la kapinga n'kulowa m'kashedi kosungira zida. Kathalakitala kanakhala masiku angapo madzi ali m'mimba tisanakakwezere kumtunda. Tinasintha oyilo, tinatsuka thanki, injini inalira, tinati tapulumuka. Za mabering'i a kunsi palibe anaziganizira. Kuwonjezera apo madala ali ndi ukhondo woopsa: akamaliza kutchetcha amatsuka kunsi konse ndi paipi yamphamvu, madzi ndi mchenga n'kumakankhikira m'malo mofunika girizi. Nditanena zimenezi madala anayang'ana kunyanja.

Pule yotere eni ake anaipanga kuti ikafa muzitaya n'kugula ina. Ndi mbale ziwiri zachitsulo zomangidwa ndi maliveti, bering'i ili pakati. Kukaifuna ku Limbe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190, osatsimikiza kuti ukaipeza, ndipo ukwati unali mkuja. Bambo wa pachigayo anapukuta dzimbiri ndi chala chonyowetsa malovu mpaka nambala inaoneka: 6203.

"Iyi ndiye musadandaule nayo. Anyamata a kabaza amadya zimenezi."

Ndi zoona. Chibwerereni njinga zamoto, pamalo alionse ochitira malonda pali kasitolo ka zipangizo zake, ndipo 6203 ndi bering'i wamba: bowo la mamilimita 17, kunja 40, kukhuthala 12. Anandilangiza kuti nditenge yolembedwa 2RS, yotsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri, osati ya tizitseko tachitsulo, chifukwa ya fumbi ndi madzi athuwa.

Lachisanu kuno ntchito umaipanga m'mawa. Ikamakwana 12 koloko zitseko zambiri zimatsekedwa, anthu apita ku mzikiti, ndipo mmisiri wowotcherera amene ndinkamudalira ndi mmodzi mwa oyamba kutseka. Ndinafika pa Makawa asanatsegule n'komwe. Magetsi anali atazima, tinadikira. Atayaka anaboola maliveti, mbale ziwiri zija zinasiyana, ndipo bering'i yakale inatuluka ili yofiira, timipira take tina titaphwanyika. Kabushi ka pakati, kamene kamachepetsa bowo kuti ligwirizane ndi bawuti, anakagogoda n'kukasamutsira mu yatsopano. M'malo mwa maliveti tinaika timabawuti tating'ono ta manati osamasuka okha, mitu yake kuyang'ana mbali imene singakhudze kanthu. Kenako liwiro la ku Boma kukatenga A93 wina, amene anali womaliza pakhomapo. Mwini sitolo anandifunsa ngati ndatsegula chigayo.

Kumanga kachitatu kunatenga nthawi yosakwana ola. Manja anali ataloweza njira. Ndinatsekera buleki pansi kuti kamkono kakhale kobwerera, kuyamba ndi kumbuyo pa kafani, kubwera kutsogolo kudutsa chiwongolero, kukoleka pa pule yam'mwamba ya injini, kumalizira pa timapule tokunga. Ndisanamange mabawuti ndinayendetsa chala m'njira yonse kuona kuti lamba ali m'kati mwa tizitsulo totchingira tonse. Apa ndinapeza kuti pamalo amodzi ndamudutsitsa kunja kwa kachitsulo, ndipo ndikanaliza injini choncho kakanamucheka ngati mpeni mphindi zochepa. Ndinakonza, ndinamasula buleki, ndinazunguza pule ya injini ndi dzanja kuona kuti zonse zikutembenuka limodzi, pule ya bering'i yatsopanoyo ikuyenda osamveka. Tinayesa deki isanabwerere: buleki ili pansi makina asakwawe, phazi likachoka anyamuke osanjenjemera. Titayenda mphindi khumi ndinazimitsa n'kugwira pule ija. Inali yofunda chabe.

Kunena chilungamo, A93 wa m'hadiweya si lamba woyenera makinawa. Wake weniweni amakhala wokutidwa ndi nsalu yolimba, ulusi wa m'kati ndi wolimba kwambiri wotchedwa Kevlar, ndipo anapangidwa kuti azipirira kuterereka pang'ono nthawi iliyonse mukaponda ndi kusiya buleki, komanso kupindikira chakumsana pa pule yosalala. Wa chigayo anapangidwa kuti akungidwe kamodzi n'kumazungulira mbali imodzi tsiku lonse. Amatanuka msanga ndipo sakhalitsa. Woipirapo ndi lamba wa mano, wolembedwa AX, amene anyamata a m'sitolo amakuuzani kuti ndi wamphamvu: amagwira mopitirira, makina amanyamuka modzidzimutsa, nthawi zina osafuna kuima bwino. Ndinajambula kachikwangwani ka pansi pa mpando, pamene pali nambala ya makina, n'kutumizira amalume. Lamba weniweni anafika mu Malichi pa basi ya ku Joni, m'chikwama chimodzi ndi nsapato za ana ndi mafuta ophikira, pamodzi ndi pule yatsopano. Zonse zili pamsomali m'kashedi, pamwamba penipeni pomwe nyanja singafike, kudikira tsiku lake. Lamba woduka uja madala anamudula zidutswa n'kupangira mahinjesi a chitseko cha khola la nkhuku.

Tsiku Lachisanulo madala anatchetcha mpaka mdima, mnyamata wina akuwaunikira ndi tochi ya foni, nyali za asodzi a usipa zitayamba kale kuyaka panyanja. Bambo wa pachigayo anabwera kudzaona ngati bering'i yagwira ntchito. Ndinamukokera pambali n'kumupatsa kenakake m'manja, koma anabweza.

"Ayi aphunzitsi, ndalama sungani. Ine mungondilola ndikakwereko kamodzi."

Madala anatsika monyinyirika, n'kumuonetsa popondera. Munthu amene wakhala zaka zonsezi pakati pa malamba anali asanayendetsepo chinthu cha chiwongolero. Anatsika nako mpaka kumchenga, n'kutembenuka movutikira, n'kubwerera akuseka ngati mwana, mzere wake uli wokhotakhota ngati njira ya njoka. Madala anafuna kuubwereza kuti awongole koma petulo anali atatsala wa m'kapu. Pa zithunzi za ukwatiwo, kumbuyo kwa mkwatibwi chakumanzere, mzerewo ukuoneka.